ZA MAKATUNI NDI MAKANI A ANA ATHU

Phunziro la mwezi uno, la kwa makolo ndi aphunzitsi a m'midzi

Abale athu a ku mapiri a Dowa ndi a Ntchisi, masiku ano ana athu ali ndi makani atsopano amene makolo athu sanawadziwe. Pobwera ku sukulu, poweta mbuzi, ngakhale potunga madzi, atsutsana za anthu amene sanabadwe ndi za nyama zimene sizinapumepo mpweya. Wina ati Goku ndiye wamphamvu koposa onse. Mnzace ati iai, koma Naruto. Wina amvera cisoni mphaka Tom. Wina akondwera ndi khoswe Jerry. Akuru ambiri pakumva izi angoti, "Nzacibwana," napitirira. Ena apsa mtima, naletsa. Ife tiyesa kuti onsewa ataya kanthu. Pakuti mwana wotsutsana za nkhani alikuphunzira kuweruza mlandu. Ndipo ngati ife sitikhala naye pabwalopo, adzaphunzitsidwa ndi ena amene samdziwa, ndi amene afuna ndalama zace zokha. Cifukwa cace tiyeni ticiphunzire cinthuci, kuti tikhale nao mau oyankha.

I. Katuni nciani?

Katuni, imene ena amati kanema wa zidole, ndiyo zithunzi zojambula ndi manja zimene zioneka ngati ziyenda. Cithunzi cimodzi siciyenda konse. Koma mukajambula zambiri zosiyana pang'ono pang'ono, ndi kuzionetsa msanga msanga cina pambuyo pa cinzace, diso linyengeka, niliyesa kuti laona cinthu camoyo. Kanema aonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Kawirikawiri ojambula ajambula 12 zokha, naonetsa ciri conse kawiri. Potero mphindi imodzi ifuna zithunzi 720, ndipo kankhani ka mphindi 7, monga tankhani ta Tom and Jerry, kafuna zithunzi zoposa 5,000.

Mukhoza kuyesa nokha. Tengani kope lakale, nimujambule kamunthu pa ngondya ya tsamba lotsiriza. Pa tsamba linzace mukajambulenso, koma mwendo utanyamuka pang'ono. Pa lina utanyamuka koposa. Citani cotero masamba 20. Tsono gwirani ngondyazo ndi cala cacikuru, nimuzitaye zigwe mofulumira. Mudzaona kamunthu kanu kalikuyenda. Palibe matsenga pamenepa. Pali kupirira kokha.

Luso limeneli linakula ku America. Mu 1928 Walt Disney anaturutsa Steamboat Willie, m'mene mbewa Mickey anaoneka pamodzi ndi nyimbo ndi phokoso. Mu 1940 William Hanna ndi Joseph Barbera anayamba nkhani za mphaka ndi khoswe zija. Ku Japan, Osamu Tezuka anayamba kuonetsa Astro Boy pa wailesi ya kanema mlungu ndi mlungu mu 1963. Ndipo popeza nthawi ndi ndalama zinacepa, iye ndi anzace anacepetsa zithunzi, kotero kuti nthawi zina pakamwa pokha ndipo payenda, thupi lonse liri ciriri. Makatuni a ku Japan ndiwo amene ana awacha anime. Kuyambira 1995, pamene inaturuka Toy Story, ambiri apangidwa ndi kompyuta. Koma kompyutayo iri ndi munthu woiuza.

Ici ndico coyamba coti tigwire: kuphethira kuli konse kwa diso la cidole, nkhonya iri yonse, msozi uli wonse, pali munthu amene anakhala pansi nasankha kuti zikhale comweco. Cimene munthu anasankha, munthu mnzace akhoza kucifunsa.

II. Makatuni anafika bwanji kuno kwathu?

M'masiku a Dr. Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Inayamba mu 1999. Ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zoyatsa magetsi zinali ngati 11 zokha mwa 100, zambiri za izo za m'mizinda. Potero ana a m'midzi yathu sanayambe kuona makatuni m'nyumba za makolo ao. Anawaona m'nyumba za vidiyo za pa misika, monga pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi pa maboma athu awiri. Lero awaonanso pa foni yodzazidwa moto ndi sola, atapita nayo kwa anyamata a makompyuta amene aikamo mafilimu.

Taonani zinthu zitatu zocokera m'menemo. Coyamba, ana aona ali okha okha, popanda wamkuru. Caciwiri, aona zidutswa: lero gawo la pakati, mawa la kumapeto, ciyambi osaciona konse. Cacitatu, mau ace ali m'Cingerezi kapena m'Cijapani. Ndipo ngati wina waikamo mau a Cicewa, kawirikawiri aonjezamo nthabwala zace. Tsono munthu akacotsa ciyambi ca nkhani ndi mau ace, citsala nciani? Kutsala kumenyana, kuuluka ndi moto. Tisazizwe tsono kuti makani oyamba a ana athu ali a mphamvu.

III. Makani oyamba: Wamphamvu ndani?

Goku ndiye mwini nkhani ya Dragon Ball, imene Akira Toriyama anayamba kujambula m'mabuku mu 1984, niikidwa pa kanema mu 1986. Toriyama anamwalira mu 2024. Iye anatenga dzina la Goku, mcira wace, ndodo yace ndi mtambo umene akwera, ku nthano yakale ya ku China yonena za nyani wocenjera, yolembedwa m'zaka za m'ma 1500. Naruto anajambulidwa ndi Masashi Kishimoto kuyambira 1999, naonetsedwa pa kanema kuyambira 2002 kufikira 2017.

Mlandu wa mphamvu zao sudzatha, pakuti awiriwa sakhala m'nkhani imodzi. Ndipo ngakhale akadakomana, wopambana akadakhala iye amene wogwira pensulo wamfuna. Mwana azindikire icinso: mwini nkhani akaona kuti mdani wagwa, adzutsa wina woposa woyambayo, kuti oonerera abwerenso mawa. Nkhani ya Naruto iri ndi magawo 720, gawo liri lonse la mphindi ngati 23. Werengani: ndiwo maora 276. Munthu wogwira nchito maora 8 pa tsiku angathe masiku 34 ndi theka alikuonerera nkhani imodzi yokha. Mlimi wa fodya kapena wa mtedza adziwa cimene munda ungasanduke m'masiku 34 a dzinja.

Koma tisaphe makaniwa, tiwaongole. Funso labwino loposa ndi ili: mphamvu zace anazitenga kuti? Goku anazipeza pophunzira zaka zambiri kwa aphunzitsi okalamba, nagwira nchito zolemetsa zimene poyamba sanaone phindu lace. Naruto ndiye mwana wamasiye amene mudzi wonse unamsala cifukwa ca cinthu cimene sanacite iye. Ndipo anayamba kusanduka pamene mphunzitsi mmodzi anamlandira monga mwana. Mwana amene adziwa kusimba izi waona nkhani. Wodziwa nkhonya zokha waona fumbi lace. Ndipo kholo likhoza kufunsanso, "Nanga m'mudzi muno mulibe mwana amene anzace amsala?"

IV. Makani aciwiri: Wolakwa ndani?

Makani awa ndiwo olemera, ndipo pano tikhalitsepo.

Tiyambe ndi mphaka ndi khoswe. Ana ambiri akonda Jerry, pakuti ali wamng'ono, napambana wamkuru ndi nzeru. Koma ena ati, "Nanga Tom walakwanji? Kodi si nchito ya mphaka kusunga nyumba?" Mai amene makoswe anamthera cimanga m'nkhokwe adzabvomerezana nao amenewa. Makaniwa si acilendo kwa ife. Kalulu wa m'nthano zathu ali cimodzimodzi: timkonda popusitsa Njobvu ndi Fisi, koma pamene anakana kukumba citsime m'caka ca cilala, nabwera usiku kudzamwa madzi a anzace, tidziwa tonse kuti analakwa, ndipo tikondwera atagwidwa. Agogo anatiphunzitsa kukonda wocenjera popanda kubvomereza zace zonse. Nzeru yomweyo ifunika pa kanema.

Pali kusiyana kumodzi kumene ana ang'ono ayenera kuuzidwa. M'katuni mphaka aphwanyidwa ndi citsulo nasanduka ngati mphasa, ndipo m'kamphindi auka wopanda bala. Kupweteka kwa m'menemo sikugona. Mpini wa khasu pamutu pa mng'ono wako suli cotero.

Tsono imvani nkhani yina, kuti mudziwe kuti makatuni ena anyamula zolemera. Mu 1988 Isao Takahata wa ku Japan anaturutsa Grave of the Fireflies, ndiko kunena manda a ziphaniphani. Isimba za mnyamata Seita, wa zaka 14, ndi mlongo wace Setsuko, wa zaka 4, mu mzinda wa Kobe m'caka ca nkhondo ca 1945. Amai ao anafa ndi mabomba, atate ao ali ku nkhondo ya pa nyanja. Anawo anapita kukakhala kwa mbale wao wamkazi. Poyamba anawalandira, koma cakudya citacepa, anayamba kuwatonza kuti angodya osagwira nchito. Seita, pomva kuwawa mumtima, anatenga mlongo wace, nakakhala naye m'phanga lothawiramo mabomba. Masiku oyamba anakondwa ndi ufulu wao. Pambuyo pace mpunga unatha. Mnyamatayo anayamba kuba m'minda. Kamtsikanako kanaonda, nikafa ndi njala. Ndipo iyenso anafa pasanapite nthawi.

Kufikira lero anthu oona kanemayu atsutsana. Ena ati wolakwa ndi mai uja, amene anaumira mtima ana amasiye. Ena ati ndi Seita, amene cifukwa ca kunyada sanafune kupirira mau owawa kapena kubwerera kukapepesa, nalipira ndi moyo wa mlongo wace. Enanso ati musaweruze mwana wa zaka 14, kapena mkazi wogawa mphika umodzi kwa anthu ocuruka. Weruzani akuru amene anayambitsa nkhondo. Ife amene tikumbukira njala ya 2002, pamene anthu kuno ku Cigawo ca Pakati anadya gaga ndi zitsa za nthoci, sitingayese mlandu uwu wacibwana. Tidziwa nyumba zimene zinalandira ana amasiye, ndi mau amene ananenedwa pamene ufa unafika pansi pa dengu. Mnyamata wa ku sekondale amene akhoza kuima pakati pa anzace ndi kunena mbali zonse zitatu asanaweruze, ameneyo tsiku lina adzakhala nkhoswe yabwino.

Nkhani yomweyi iticenjezanso. Musayese kuti ciri conse cojambulidwa ncoyenera ana. Ku Japan ndi ku America apanga makatuni a akuru okha, ena a cisoni monga iyi, ena odzala ndi mwazi ndi zamanyazi. Mnyamata woika mafilimu m'foni sasankha, angothira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

V. Makani acitatu: Nkhaniyi nja yani?

Ana okulirapo afika pa funso lina. Mu 1994 a Disney anaturutsa The Lion King, nkhani ya mwana wa mkango wa ku Africa kuno. Maina ace ena ali a Ciswahili: Simba ndiye mkango, Rafiki ndiye bwenzi. Okonda anime anadzutsa makani, nati ifanana ndi Kimba the White Lion ya Tezuka, imene inaonetsedwa ku Japan mu 1965. A Disney anakana kuti sanatengeko. Sitiweruza mlanduwo pano. Tingoona kuti nkhani zonse ziwiri zinena za Africa, koma zinasimbidwa ndi anthu akutali; ndipo mu The Lion King muli mikango, afisi ndi njobvu, koma mulibe munthu, mulibe mudzi, mulibe munda.

Kumbukiraninso ulendo wa Kalulu. Anthu ogwidwa ukapolo anaoloka nazo nthano za kalulu wocenjera kumka ku America. Kumeneko Mzungu wina, Joel Chandler Harris, anazilemba m'buku mu 1880, kaluluyo namucha Brer Rabbit; ndipo mu 1946 a Disney anamjambula m'katuni. M'menemo muli nthano ya kalulu womatirira pa cidole ca phula, imene ifanana ndi imene isimbidwa m'maiko ambiri a Africa. Koma dzina la pa bukulo silinali la agogo amene anaisunga. Nthano imene eni ace saisamala, adzaitola ena.

Lero a ku Africa alikudzuka. Ku Zimbabwe mu 2003 anapanga The Legend of the Sky Kingdom ndi zidole za mawaya, zitini ndi zitsulo zotayidwa, zonga magalimoto a mawaya amene anyamata athu apanga. Tinga Tinga Tales, nthano za nyama zimene zinayamba kuoneka mu 2010, zinajambulidwa ku Nairobi. Ku Tanzania bungwe la Ubongo linayamba mu 2014 kuonetsa Ubongo Kids, yophunzitsa masamu ndi sayansi, ndipo makatuni ace anamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndi m'Cicewa momwe. Ndipo mu 2023 Netflix inaturutsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anai a sukulu opulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Mwini nkhaniyo ndiye Malenga Mulendema, mkazi wa ku Zambia, amene pa ubwana wace anaonerera makatuni osaonamo ngwazi yofanana naye, nafunsa cifukwa cace. Taonani, makani a mwana anabala nchito.

VI. Nanga ticitenji?

Kusiyana kwa nthano ndi katuni ndi uku. Wosimba nthano akati, "Padangokhala," adikira ana ayankhe, "Tiri tonse." Ayang'ana nkhope zao, akaona wamng'ono wacita mantha, afewetsa mau, akaona wina wagona, afupikitsa, ndipo nthano iri ndi mathero ace. Kanema sadikira yankho, saona nkhope, ndipo satopa. Malo okha amene mwana ayankhapo ndiwo makani aja a panjira. Tikawaletsa, tamsiya wongomeza. Tikawanyoza, aleka kutiuza cimene aona. Cotero tipangira abale athu zinthu zisanu ndi cimodzi.

1. Khalani pansi muone nao, ngakhale kamodzi. Simungaweruze mlandu umene simunaumve.

2. Muuzeni mwana akusimbireni m'Cicewa cimene waona, kuyambira paciyambi kufikira pamapeto. Akalephera, adziwa yekha kuti anaona zidutswa. Akakhoza, waphunzira kusimba.

3. Funsani mafunso a pabwalo: Walakwa ndani? Cifukwa ninji? Nanga winayo akadadzikanira bwanji? Ukadakhala iwe ukadacitanji? Musafulumire kunena zanu. Mtsikana ayankhe monga mnyamata, wamng'ono monga wamkuru.

4. Ikani malire. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza mu 2019 kuti mwana wosafika zaka 2 asamaikidwe pa kanema, ndi kuti wa zaka 2 kufikira 4 asapitirire ora limodzi pa tsiku. Okulirapo asalowe m'nyumba ya vidiyo nthawi ya sukulu, kapena usiku. Ndipo akuru a mudzi alankhule nao eni nyumbazo za cimene aonetsa ana.

5. Bwezerani. Mwana akakusimbirani katuni, inu mumsimbire nthano, ndipo muziweruze pamodzi: wocenjera ndani, Jerry kapena Kalulu? Usiku wozizira wa June ndi July, zokolola zitalowa, ndiyo nthawi yace, monga kale.

6. Mukaona mwana alikujambula m'mphepete mwa kope kapena pa dothi, musammenye msanga. Mpatseni pepala lace, nimumuuze ajambule Kalulu pa citsime, ndi phiri la Ntchisi kumbuyo kwace, ndi mai wosenza mtsuko wonga amai ace.

M'mera mpoyamba. Ana awa adzakhala pa milandu ya minda, ya maukwati ndi ya ana amasiye ife titapita. Kumva mbali zonse, kufunsa amene anakonza nkhani ndi cimene afuna, kusanyengeka ndi wamphamvu kapena ndi wocenjera: izi adzazifuna masiku onse. Aziphunzire tsopano, mlandu ukali wa mphaka ndi khoswe.

Mafunso a Phunziro

1. Ngati sekondi imodzi ifuna zithunzi 12, katuni ya mphindi 10 ifuna zithunzi zingati?

2. Chulani zinthu zitatu zimene zicitika pamene ana aona makatuni m'nyumba za vidiyo kapena pa foni.

3. Cifukwa ninji mlandu wa mphamvu za Goku ndi Naruto sungathe?

4. Pa nkhani ya Seita ndi Setsuko, nenani mau omkanira mnyamatayo, ndi mau omkanira mai uja. Nanga pa mwambo wathu, ndani akadayenera kuwasamala anawo?

5. Ndi nthano iti ya kwanu imene mufuna adzaijambule ana anu, ndipo munaisimba liti kotsiriza?